Mphuno ya Tchuku

Eluby anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala kwa Malemia, kufupi ndi mtsinje wa Domasi. Eluby ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti bambo ake atuluke panja.

Bambo ake anali a Yoswa. A Yoswa anali mmisiri wa malata. Ankakhoma ndowa. Ankakhoma mbaula. Ankamata mapoto odontha. Malo awo anali pamsika wa Songani. Ukamva kho, kho, kho pamsikapo, unkadziwa kuti a Yoswa afika.

Koma panali kanthu kena kamene a Yoswa ankakakonda kuposa ndowa. Kanali kainjini koyendera nthunzi. Anakapanga okha ndi manja awo. Anatenga chitini cha mkaka. Anatenga kapaipi ka firiji yakufa. Anatenga kagudumu ka makina osokera akale. Anakhoma, anamata, anakhomanso. Ntchitoyi inawatengera zaka ziwiri.

Amayi a Eluby, a Lyness, ankawaseka. Ankati munthu wamkulu, ndevu pepeya, koma kusewera ndi zitini ngati mwana. A Yoswa ankangomwetulira n'kumakhomabe.

Kainjiniko kanali ndi dzina. Dzina lake linali Tchuku. Ana a m'mudzimo ndiwo anapereka dzinali, chifukwa cha kaliridwe kake.

Lamlungu lililonse, akabwera kutchalitchi, a Yoswa ankamutulutsa Tchuku. Ankamuika pabwalo. Ankathira madzi m'chitini. Ankaika makala amoto pansi pa chitinicho. Kenako onse ankadikira. Madzi ankawira. Nthunzi inkalowa m'kapaipi. Kagudumu kankayamba kuzungulira.

Tchuku, tchuku, tchuku!

Ana ankavina. Akuluakulu ankanamizira kuti akungodutsa. Koma ankaima nthawi yaitali.

A Yoswa ankajambula mzere pansi ndi kamtengo. Mwana aliyense ankakhala kuseri kwa mzerewo. Ankati Tchuku ndi woonera ndi maso, osati ndi manja. Ngakhale Eluby sankaloledwa kudumpha mzere. Iye ankamuonera Tchuku patali, ngati ana ena onse.

Ndiye kunabwera matenda.

Tsiku lina m'nyengo ya mvula, a Yoswa anagwa pamsika. Anagonekedwa kuchipatala milungu itatu. Anabwerako ali ena. Dzanja lamanja linali lakufa. Mwendo wamanja unkangokhwekhwerezeka. Pakamwa panapotoka. Mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi.

A Yoswa analowa kuchipinda. Anatseka chitseko. Sankafuna kuti anthu awaone ali chonchi. Akafuna kupita kuseri, ankapita m'mamawa, anthu asanadzuke. Dzuwa likatuluka, linkawapeza ali m'kati.

Anthu anayesa. Amayi anawanyengerera, koma a Yoswa sanatuluke. Akulu a mpingo anabwera. Anaimba nyimbo ziwiri pabalaza, koma a Yoswa sanatuluke. A Ramadhani anabweranso. Iwo anali okonza njinga, mnzawo wa a Yoswa wa pamsika. Anabweretsa phava la nthochi. Anaitana, anaitananso, koma a Yoswa sanatuluke. Nthochizo anadya Eluby. Sizinamukomere.

Mvula inatha. Chimanga chinauma. Anthu anakolola. Bambo sanatuluke.

Amayi anayamba kugulitsa tomato ku Songani. Ankapita m'mawa, ankabwera madzulo. Pakhomo panali zii. Nyumba yopanda kuseka ndi yoipa kwambiri. Ngakhale nkhuku zinkayenda ngati zaferedwa.

Tchuku anali pamwamba pa kabati. Anali ndi fumbi. Kangaude anamanga nyumba pa kagudumu kake. Eluby akamuyang'ana, mtima unkamuwawa.

Loweruka lina m'mawa, Amayi atapita kumsika, Eluby anaganiza nzeru. Ababa akana Amayi. Ababa akana akulu a mpingo. Ababa akana a Ramadhani. Koma Tchuku sangamukane. Akangomumva akulira, atuluka basi.

Eluby anakwera pampando. Anamutsitsa Tchuku bwinobwino. Anamupukuta fumbi. Anapepesa kwa kangaude, n'kumuthamangitsa. Kenako anamuika Tchuku panja, pansi pa zenera la Bambo. Zeneralo linali lotsegula pang'ono.

Anathira madzi m'chitini. Anatenga makala amoto pambaula. Anawaika pansi pa chitini. Anakhala pansi n'kumadikira.

Madzi anawira. Koma kagudumu sikanazungulire. Eluby anakakankha ndi chala. Kanazungulira kamodzi, kanaima. Anakakankhanso. Kanazungulira kamodzi, kanaimanso. Kanali katauma chifukwa chokhalitsa. Kankangofuna kadontho ka mafuta. Koma Eluby sanadziwe zimenezo.

Kenako anamva kaphokoso. Fiii, fiii.

Eluby anayang'anitsitsa. Pamwamba pa chitini panali kabowo. Pa kabowopo panali kampira kachitsulo. Kampirako kankadumpha. Kakadumpha, nthunzi inkathawira kunja. Fiii, fiii.

Eluby anaganiza kuti wapeza vuto. Kodi si mwana wa mmisiri? M'nyumba mwawo munalibe chinthu chodontha. Ndowa ikadontha, timamata. Poto akadontha, timamata. Denga likadontha, timamata. Ndiye Tchuku naye akudontha. N'chifukwa chake alibe mphamvu.

Anachotsa makala. Anadikira kuti chitini chizizire. Anatsegula bokosi la zida za Bambo. Anatenga waya ndi pulayala. Anakanikiza kampira pa kabowo. Anakulunga waya kamodzi, kawiri, katatu. Anapota nsonga zake ndi pulayala, monga ankaonera Bambo akumanga chogwirira cha ndowa. Anapota mpaka zala zinawawa. Pamwamba pake anamatapo sopo.

Akanafunsa. Bambo anali pafupi, kuseri kwa khoma chabe. Koma Eluby ankafuna kuwadabwitsa. Paja safunsa anadya phula.

Anabwezera makala. Anaonjezeranso ena. Madzi anawira. Tsopano panalibe fiii. Kagudumu kanagwedezeka. Kanazungulira kokha!

Tchuku, tchuku, tchuku!

Eluby anaomba m'manja. Kagudumu kanathamanga. Kanathamanga kwambiri. Tchuku anali asanathamangepo chonchi. Ankachita kunjenjemera thupi lonse.

Zenera linatseguka. Nkhope ya Bambo inaonekera. Eluby anasangalala. Nzeru yake yagwira! Bambo anayang'ana kagudumu. Kenako anayang'ana pamwamba pa chitini. Anaona waya. Maso awo anatong'oka.

"Cho... choka!" anatero Bambo.

Eluby anaganiza kuti Bambo akwiya chifukwa wagwira Tchuku. Anangoima pomwepo.

Chitseko chinamenyeka kukhoma. Bambo anatuluka opanda ndodo. Ankakhwekhwereza mwendo, ankadzandira. Anamugwira Eluby ndi dzanja lamanzere. Anamukokera kutali. Onse awiri anagwa pansi, Bambo ali pamwamba pake.

Phuu!

Chitini chinaphulika. Madzi otentha anamwazikira kukhoma. Makala anabalalika. Kagudumu kanagubuduka mpaka m'munda wa chinangwa.

Eluby sanavulale. Anadzuka msanga. Koma Bambo sanathe kudzuka. Anayesa, anagwa. Anayesanso, anagwanso. Malaya awo anadzaza fumbi.

Anthu anamva kuphulikako. Anabwera akuthamanga. Anaima mozungulira. Ankayang'ana dzanja. Ankayang'ana pakamwa. Mayi wina ananong'ona kuti sankadziwa kuti a Yoswa afika pamenepa. Ananong'ona, koma aliyense anamva. Amuna awiri anawanyamula a Yoswa ngati thumba la chimanga. A Yoswa anatsinzina. Eluby anaona misozi ikutsika m'ndevu zawo.

Chimene Bambo ankachiopa miyezi yonseyi chinachitika. Ndipo anachibweretsa ndi Eluby.

Kuyambira tsiku limenelo, zinthu zinaipa kuposa kale. Bambo anatseka chitseko. Anatsekanso zenera. Chakudya chinkabwerera chili m'mbale.

Amayi sanamukwapule Eluby. Akanamukwapula, mwina mtima ukanapepuka. Anangomuyang'ana manja ndi nkhope, kuona ngati wapsa. Anamuuza kuti asadzasewerenso ndi moto ali yekha. Kenako anati madzi akatayika saoleka. Anakhala pakhonde n'kugwira tsaya.

Eluby anatola zidutswa za Tchuku. Anatola chitini chong'ambika. Anatola kapaipi kopindika. Kagudumu anakapeza m'chinangwa tsiku lachiwiri. Anakulunga zonse m'nsalu yakale. Anazibisa kuseri kwa nkhokwe.

Kusukulu, aphunzitsi ankalankhula. Eluby sankamva. Anzake ankasewera fulaye. Eluby sankasewera. Ankangoganiza chinthu chimodzi. Kale Ababa anali ndi manja awiri ndi Tchuku. Matenda anatenga dzanja. Iye watenga Tchuku. Ababa atsala ndi chiyani?

Lachitatu, ataweruka kusukulu, Eluby ananyamula nsalu ija. Anayenda wapansi mpaka ku Songani. Maminibasi a ku Liwonde ankamuimbira hutala. Iye sankacheuka.

Anafika pamalo pamene Bambo ankakhomera ndowa. Panali munthu wina. Ankagulitsa nsapato za kaunjika. Palibe amene ankakhoma. Eluby anadutsa mofulumira, akuyang'ana pansi.

A Ramadhani anali pansi pa mtengo, akumata chubu cha njinga. Eluby anagwada n'kupereka moni. Anamasula nsalu. A Ramadhani anapukuta manja. Ananyamula chitini. Anachitembenuza uku ndi uku. Anaona waya ndi sopo. Anapukusa mutu.

"Iwe mwana, unamutseka mphuno," anatero.

Eluby anati iye ankatseka podontha.

A Ramadhani anamufunsa ngati anaphikapo nyemba. Eluby anavomera. Anamufunsa chimene chivindikiro chimachita nyemba zikamawira. Eluby anati chimadumphadumpha.

"Eya. Kampira aka n'chimodzimodzi," anatero a Ramadhani. "Nthunzi ikachuluka, imafuna potulukira. Bambo ako anaboola dala kabowo aka. Ukatseka, nthunzi imadziboolera yokha."

Eluby anamva manyazi. Ndiye kuti Tchuku sankadontha. Tchuku ankapuma.

"Mungamukonze?" anafunsa Eluby.

A Ramadhani anaika chitini pansi. Kenako anati iwo ndi a njinga. Anati kuyambira ku Naisi mpaka ku Songani kuno, palibe wina wodziwa zimenezi. Wodziwa ndi mmodzi yekha. Ndipo mmodziyo wadzitsekera m'nyumba.

Anamugulira Eluby chitumbuwa. Eluby anathokoza. Anachiika m'thumba, sanadye.

Ulendo wobwerera unali wautali. Nsalu inkalemera kuposa poyamba. Eluby anafika pa mlatho wa mtsinje wa Domasi. Anaima. Anayang'ana madzi pansi. Anaganiza zomutaya Tchuku momwemo. Akamira, nkhani yatha. Palibe adzamuonenso.

Anakweza nsalu m'mwamba. Kenako anaitsitsa. Tchuku si wake. Tchuku ndi wa Ababa. Chinthu cha mwini, ngakhale chife, umabwezera mwini wake.

Eluby anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Amayi anali asanabwere. Anaima pa chitseko cha Bambo.

"Odi, Ababa."

Kunali zii.

"Ababa, ndabweretsa Tchuku. Ndinamutseka mphuno. Ndimayesa akudontha. Ndimafuna mutuluke basi. Pepani."

Kunali zii. Eluby anaika nsalu pansi. Anatembenuka kuti azipita.

"Lowa," anatero mawu a m'kati.

M'chipindamo munali mdima. Munkanunkha mankhwala. Bambo anakhala pabedi. Anali ataonda. Eluby anaika nsalu pamiyendo pawo, n'kukhala pansi.

Bambo anamasula nsalu ndi dzanja lamanzere. Anatulutsa chitini. Chinali chitayasama ngati kamwa la mlamba. Anachisisita pang'onopang'ono. Eluby ankalakalaka nthaka itamumeza.

Zala za Bambo zinafika pa waya. Anayesa kumasula. Waya anakana. Anapanira chitini ndi mawondo, anayesanso. Waya anakana. Anayesa ndi mano. Waya anakanabe.

"Wamanga... ndani?"

"Ndine, Ababa."

"Wekha?"

"Ndekha."

Bambo anabweretsa chitini pafupi ndi maso. Anayang'ana mmene waya anapotedwera. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako pakhosi pawo panatuluka kaphokoso. Eluby anaganiza kuti akulira. Koma ayi. Bambo ankaseka. Kunali kuseka kopotoka, kwa mbali imodzi. Komabe kunali kuseka.

"Chitini... chang'ambika," anatero Bambo. "Waya wako... ali pompo. Wamanga... ngati mmisiri. Koma... pamalo polakwika."

Apa Eluby analira. Analira misozi yonse ya masiku anayi. Anati wawaphera Tchuku. Anati anthu anawaona chifukwa cha iye. Bambo anamuleka alire. Atatha, anamupukuta ndi nsonga ya nsalu ija.

Bambo anakweza dzanja lamanzere.

"Ine... limodzi. Iwe?"

"Awiri, Ababa."

"Onse... pamodzi?"

Eluby anawerenga. "Atatu."

"Akwana."

Anamutuma bokosi la zida. Eluby anathamanga. Anabwera nalo akulikoka, chifukwa linali lolemera. Bambo anapisa dzanja m'bokosi. Ankafuna lumo lodulira malata. Anatulutsa nyundo. Anapisanso, anatulutsa tupa. Sankaona bwino.

Eluby anatsegula zenera. Kuwala kunalowa pang'ono. Sikunakwanire.

Kunja kunkamveka mawu. Anali amayi opita kumjigo ndi ndowa zawo. Ankacheza, ankaseka. Bambo anamvetsera. Anayang'ana chitseko. Anayang'ana chitini. Anayang'ananso chitseko.

"Muno... muli mdima," anatero. "Tulutsa... mpando."

"Kunja kuli anthu, Ababa."

"Aone."

Eluby anaika mpando pakhonde, pamene panali dzuwa. Anabwerera kudzawatenga Bambo. Bambo anagwira phewa lake. Anaponda kamodzi, anapuma. Anapondanso, anapuma. Eluby sanafulumire. Anadutsa pabalaza. Anafika pakhomo. Dzuwa linawaomba kumaso, ndipo Bambo anaphethira ngati mwana wongodzuka.

Amayi a kumjigo aja anaima. Mmodzi anali yemwe ananong'ona uja. Anatsitsa ndowa yake. Anapinda mawondo.

"Mwaswera bwanji, a Yoswa?"

Eluby anamva dzanja la Bambo likumufinya paphewa.

"Nda... swera," anatero Bambo. "Kaya... inu?"

Palibe anaseka. Mayiyo anati waswera bwino. Anati ndowa yake yayamba kudontha, ndipo wasowa kopita nayo. Kenako onse anapitiriza ulendo wawo.

Bambo anakhala pampando. Eluby anakhala pansi pafupi nawo. Bambo ankagwira chitini, Eluby ankadula. Poyamba anadula mokhota. Bambo anati ayambirenso. Anadulanso mokhota. Bambo anati ayambirenso. Kachitatu anadula mowongoka. Anatenga kapaipi. Anakawongola ndi nyundo, pang'onopang'ono. Anadontheza mafuta pa kagudumu.

Tchuku sanalire tsiku limenelo. Ntchito inali yambiri. Chitini chakale chinali chitatheratu. Pankafunika china.

Dzuwa lili pafupi kulowa kuseri kwa phiri, Amayi anafika. Anali ndi dengu pamutu. Anafika pabwalo, n'kuima chilili. Anaiwala kutula dengu. Anayang'ana mpando. Anayang'ana Bambo. Anayang'ana mitu iwiri itaweramira pabokosi la zida.

Bambo anakweza mutu.

"Amake Eluby... tikufuna... chitini."

Amayi anatula dengu. Analowa m'nyumba mofulumira. Anatenga chitini chimene ankasungiramo mchere. Anakhuthulira mchere wonse m'mbale. Anachipukuta ndi chitenje chawo.

Anatuluka nacho, maso ali ofiira. Anagwada pafupi ndi mpando. Anachipereka ndi manja awiri.